Anapiye ankafera m'mazira, ine n'kuloza chala mkazi wanga

Zikomo amayi apampando pondipatsa mpata. Ndaona ena mukukodolana pamene ndimaimirira, ndiye ndiyambe ndi kukuchotsani chikaiko. Inde, ndine yemwe uja. Ndine Yohane, bambo ake a Tapiwa, wa ku komboni ya kuseri kwa njanji, amene munamva kuti anathyola mkono wa Che Saidi pa musika wa pa Banket pano. Munamva zoona. Ndabwerera zimene simunamve, chifukwa ambiri muno mwagula kapena mukufuna kugula makina ofungatira mazira. Tsiku lina mudzatsegula chitseko chake n'kupeza kuli zii, popanda kamwanapiye kolira. Tsiku limenelo mutu umathamanga. Wanga unathamangira kolakwika.

Agogo anga anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito ya fodya. Bambo anga anabadwira pa purazi, esiteti ya fodyayo, inenso chimodzimodzi. Ntchito yanga inali yowotcha fodya m'mabalani. Purazi itasintha eni, ntchito inasanduka ya nyengo: fodya akatha, iwenso watha. Mkazi wanga Esinati ndiye anabwera ndi nzeru ya nkhuku. Iye ankagulitsa tomato m'mbali mwa msewu, ndipo anaona kuti anthu a m'magalimoto akufunsafunsa marodirana, nkhuku zathu zachikudazi. Tinasonkherana n'kugula inkyubeta kwa mmisiri wina wa ku Chinhoyi. Inali firiji yakale imene anaikamo mababu, kafani ndi mathireyi, yoyendera sola ndi batire. Mazira kutembenuza ndi manja. Tinaiika m'kachipinda ka malata okhaokha kamene ndinamanga kumbali kwa nyumba.

Miyezi yozizira ija zinayenda bwino. Anapiye ankaswa mpaka kusowa poponda. Che Saidi, Msilamu wa pa komboni yoyandikana nafe, ankabwera ndi njinga yawo kudzawagula onse n'kukagulitsa m'mapurazi. Anthu anayamba kunditcha mudhara wehuku, mdala wa nkhuku, ndipo ndinkayenda chifuwa patsogolo ngati nzeru ija inali yanga.

Kenako kunabwera dzuwa la Okutobala. Tsiku loti aswe linakwana, n'kupitirira. Anatuluka ochepa, miyendo yokhotakhota, michombo yosatsekeka, ena kumangozungulira pamodzimodzi mpaka kufa. Tinati ndi tsoka, tinaikanso ena. Ulendo umenewo zinaposa. Ndinaswa dzira limodzi ndi mwala: mwanapiye wathunthu, nthenga zonse, wakufa. Ndinaswa lina. Abale anga, chimene ndinaona m'menemo chinandiimitsa tsitsi. Kanthu kopanda maso, mlomo wopingasa ngati sizasi, pamutu posatsekeka. Ndinakakwirira kuseri kwa khola, ndipo mumtima ndinagamula kale kuti chinthu chotere sichingachitike chokha.

Madzulo ake ndinafotokozera mnzanga Jairosi ku bhawa, tikumwa mowa. Tinakulira limodzi, ndipo ndi munthu amene sasowa yankho. Anayang'ana uku ndi uku, n'kusendeza mpando.

"Achimwene, mazira amenewo amagwira ndani?"

"Ine ndi amake Tapiwa."

"Basi? Ndiye mukudabwa chiyani? Dzira lili ngati mwana wakhanda. Munthu wotentha akaligwira, limadulika. Inu mwayenda kunja?"

"Ayi."

"Ngati si inu, ndiye ndani? Ine sindinanene kanthu."

Kwa inu amene simunakulire mwathu, makolo athu amati munthu amene wagona ndi wina kumbali amakhala wotentha. Akathira mchere m'ndiwo kapena akanyamula khanda, amadwalitsa a m'nyumba. Timati mdulo. Ndinaseka, ndinamuuza Jairosi kuti waledzera. Koma mawu aja ndinapita nawo kunyumba.

Patapita masiku ndinaweruka msanga ku maricho, ganyu wa m'minda. Dzuwa lili paliwombo, ndinapeza chitseko cha kachipinda ka mazira chili pululu, njinga ya Che Saidi itatsamira pa mpanda. Ndisanaitane, Che Saidi anatuluka m'kachipindamo akupukuta thukuta ndi chipewa chawo, Esinati ali pambuyo.

"Mwafika bwino, bambo a Tapiwa," anatero mkazi wanga. "Ndinawaitana kuti adzaone makinawa. Muno mukutentha kwambiri masana, ine ndikuona ngati mazirawa akupsa."

"Zoona, Che Yohane," anatero Che Saidi. "Malatawa akuwotcha. Muwasunthe makinawa."

Ndinayankha kuti ndamva. Koma zimene ananena sindinazimve n'komwe. Ndinangoona thukuta, chitseko ndi njinga.

Kuchokera tsiku limenelo ndinasanduka polisi m'nyumba mwanga. Esinati akapita ku mjigo n'kuchedwa, ndinkafunsa amene anakumana naye. Foni yake ikalira, ndinkailanda. Akaseka, ndinkafuna kudziwa chimene chamusangalatsa, akakhala chete ndinkati akuganiza za munthu. Ndiwo zimene wathira mchere ndinasiya kudya. Ndinagula loko, ndinakhoma kachipinda kaja, kiyi ndinamangirira pa chingwe m'khosi, ndipo ndinamuletsa ngakhale kudutsa pafupi. Ndinakwera phiri kwa muporofita wa zovala zoyera, anandipatsa madzi ndi mafuta kuti ndizidzoza dzira lililonse. Ndinapitanso kwa sing'anga, iye anati adani amalowetsa mankhwala pa timabowo, ndiye ndinatseka timabowo tonse ta firiji ija ndi nsanza, n'kumafukiza mizu m'kachipindamo. Mowa unakhala wa tsiku ndi tsiku. Misoti yabwino ndinagulitsa, tambala wamkulu ndinagulitsa, zonse zinathera ku bhawa ndi kwa anthu amenewa.

Ulendo wotsatira sikunatuluke ngakhale mmodzi. Munthu wanzeru akanadzifunsa kuti nanga mkazi uja sakugwiranso mazira, bwanji zafika poipa chonchi? Ine ndinati ndiye kuti wachita kuonjezera. Ndinamupeza pa mjigo pakati pa amayi anzake, ndili chiledzerere masanasana, ndipo ndinamutchula dzina limene sindingalibwereze muno. Ndinatchulanso Che Saidi. Komboni yonse inamva. Esinati anatula ndowa pansi, analowa m'nyumba, anamanga zovala zake ndi za Tapiwa, ndipo m'mawa mwake anakwera kombi kupita ku Ruwa kwa mlongo wake. Mwana wanga wamkazi anandiyang'ana pa zenera la kombi osandibayibitsa.

Loweruka lake ndinakumana ndi Che Saidi pa musika, akumangirira makatoni pa njinga. Anati, "Che Yohane, tikhale pansi tikambirane, zimene mukunenazi..." Sanamalize. Ndinatola thabwa la pa tebulo la mayi wina wogulitsa kabichi. Anatchinga mutu ndi mkono, ndipo ndinamva fupa likulira.

Ndinagona m'chitokosi, kenako ku rimandi. Khoti linandilamula kugwira ntchito ya chilango, kutchetcha udzu pa maofesi a boma. Ndikanakonda kukuuzani kuti m'chitokosi muja ndinalapa. Sindinalape. Ndinkauza akaidi anzanga kuti ndamangidwa chifukwa choteteza banja langa.

Nditatuluka ndinatolera mazira a nkhuku zotsala zija, ndinaikanso. Mumtima ndinkati tsopano muona, wotentha wachoka, anapiye aswa. Panalibe wina pakhomo, kiyi ali m'khosi mwanga, mazira ndikugwira ndekha. Tsiku linakwana. Ndinaika khutu pa chitseko cha firiji. Zii. Ndinadikira mawa lake, ndi mkuja. Zii. Kunangoyamba fungo.

Mukuganiza kuti pamenepo ndinatseguka maso? Ndinatenga khasu n'kukumba pansi pa kachipinda konse, kufunafuna chimene mkazi uja anakwirira asanapite. Sindinapeze kanthu koma misomali yadzimbiri. Ndinalongedza mazira aja m'ndowa, ndinavundikira ndi thumba, kuti ndipite nawo kwa sing'anga wina wa ku Chinhoyi amene Jairosi anati ndi woopsa kuposa woyamba uja.

Pa siteji, kondakitala ananunkhiza n'kundikankha. "Mudhara, zimenezo m'kombi muno ayi." Yachiwiri inandikananso. Ndinakhala pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu, ntchentche zitandizungulira. Ndi pamene panaima njinga yamoto. Anali Mai Moyo, mudhumeni, mlangizi wa ziweto wa dera lathu lino. Ankandidziwa chifukwa udzu umene ndinkatchetcha unali wa kutsogolo kwa ofesi yawo. Iwo amalankhula Chishona, ine ndikuuzani m'chathu.

"Baba Tapiwa, mwanyamula maliro a ndani m'ndowamo?"

Ndinafuna kunama, koma fungo linali litanena kale. Ndinati ndi mazira, andilodzera.

"Ndani?"

Ndinawauza zonse, za mdulo, za thukuta, za njinga. Anamvetsera osandidula. Kenako anazimitsa njinga yawo, anamanga mpango kumphuno, anathyola kamtengo.

"Sing'anga wanuyo sathawa. Tiyeni tiyambe tawafunsa eni ake mazirawa."

Ndinakumbatira ndowa yanga. "Mwatumidwa ndi alamu anga eti? Kapena ndi Che Saidi?"

"Alamu anu sindiwadziwa. Ine ndatumidwa ndi fungo. Bweretsani chivundikiro cha ndowacho."

Ndinawapatsa, koma maso anga anali pa manja awo, kuti ndione ngati pali chimene abisa m'zala. Anaswa loyamba pa chivundikiro. Munalibe kanthu, madzi achikasu okhaokha.

"Ili silinayambe n'komwe. Munalibe mbewu ya tambala. Muli ndi atambala angati?"

Ndinati mmodzi, wokalamba. Wamphamvu uja ndinagulitsa.

"Ndiye ili mlandu wake ndi wa amene anagulitsa tambala."

Anaswa lina. M'kati munali mzere wofiira wozungulira ngati mphete.

"Ili linayamba. Mluza unagwira, mitsempha ya magazi inayamba kutambalala, n'kufa sabata yoyamba. Zimatero dzira likakhalitsa pamalo otentha musanaliike, kapena makina akatenthetsa. Mazirawa munasunga nthawi yaitali bwanji?"

Ndinati mpaka atakwana thireyi. Nkhuku zinali zochepa, zinatenga pafupifupi mwezi. Anangopukusa mutu.

Lachitatu, kamwanapiye kanali katamatirira mbali imodzi ya chigoba, kouma ngati nsomba ya kapenta.

"Ankatembenuza ndani?"

"Ine."

"Kangati patsiku?"

Ndinayang'ana kumbali. Masiku ena ndinkabwera ku bhawa osatha ngakhale kulowetsa kiyi mu loko.

Anatola lachinayi, koma asanaliswe analisisita ndi chala n'kuyang'ana chalacho.

"Mafuta awa ndi a chiyani?"

"Odalitsa."

"Baba Tapiwa, chigoba cha dzira chili ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Mwanapiye amapumira momwemo. Mukachipaka mafuta, zili ngati mwamutseka mphuno ndi pakamwa." Anatsegula pang'onopang'ono cha ku mutu waukulu wa dzira. "Taonani. Wathunthu uyu. Mlomo wafika kale m'kathumba ka mpweya aka, anatsala pang'ono kugogoda. Mpweya unamuthera."

Ndinamuyang'ana mwanapiye uja. Anali wa mawanga akuda ngati thadzi limene Esinati ankalikonda. Koma ndinali ndisanagonje. Ndinafufuza m'ndowa, ndinaswa ndekha angapo mpaka ndinapeza chimene ndinkafuna: kopanda maso, pamutu posatsekeka. Ndinawaikira patsogolo.

"Nanga aka? Akanso ndi mafuta? Izi zinayamba ndisanapite kwa muporofita, mkazi wanga akugwirabe mazira. Mundiuze kuti aka n'ka Mulungu."

Sanadzidzimuke. Anakatembenuza ndi kamtengo kaja.

"Aka kanapsa masiku oyambirira, pamene mutu ndi maso zimaumbika. Kutentha kukapitirira muyezo nthawi imeneyo, zimatuluka chonchi. Ndaziona kwa alimi ambiri mwezi wa Okutobala. Chaka china ndinaziona kwa masisitere a ku mishoni, magetsi atawasokonezera makina. Kodi iwonso tinene kuti anayenda ndi Che Saidi?"

Ananditenga pa njinga yawo, ndowa tinaisiya pompo, kuti akaone pamene pali makina. Tinafika dzuwa litangopendeka. Ndinavula chingwe m'khosi, ndinatsegula loko. Mpweya umene unatuluka m'menemo unandimenya kumaso, ndipo tsaya langa linauzindikira. Ine ndawotcha fodya zaka zambiri. Kutentha kwa balani ndimakudziwa popanda choyezera. M'kachipinda muja munali ngati m'balani tsiku loyamba, pamene tsamba timalisandutsa lachikasu. Ndinkalowamo tsiku lililonse, koma ndinkalowa ndikufunafuna mapazi a munthu.

Mai Moyo anatulutsa temomita yawo, anaiika pakati pa thireyi, tinadikira. Inakwera kupitirira pamene kachipangizo ka pa chitseko cha firiji kankaonetsa. Anati makina amenewa amadziwa kutenthetsa basi, kuziziritsa sadziwa. Chipinda chikatentha kuposa dzira, mababu ngakhale azime, mazira amapsabe. Anasolola nsanza zija m'timabowo imodziimodzi n'kundipatsira m'manja.

Kenako anafunsa, "Dzuwa litayamba kuwawa, mkazi wanu ankatani masana inu mukapita ku maricho?"

Ndinati sindikudziwa. Koma ndinkadziwa. Ankatsegula chitseko kuti mphepo ipite. Ankanyowetsa masaka n'kuyala pa malata. Ankadzaza madzi m'kambale ka pansi pa mathireyi. Ndinkapeza masaka aja padenga n'kumadabwa kuti ndi chizindikiro chanji, akuitana nacho ndani.

"Ochepa amene ankaswa aja," anatero Mai Moyo, "ankaswa chifukwa cha iye. Zimene ndakuuzani lerozi palibe chachilendo. Ndikukhulupirira kuti wina anakuuzani kale."

Anakwera njinga yawo, anapita. Ine ndinakhala pa khomo la kachipinda kaja, nsanza zili m'manja. Sindinalire. Chimene ndinamva ndi ludzu la mowa, loopsa kuposa masiku onse. Ndinadzuka, ndinayenda mpaka pa geti ya bhawa. Jairosi anandiona, anandikodola. Ndinamufotokozera ndili chiimire. Anaseka.

"Mudhumeni angadziwe chiyani za kwathu? Amenewo ndi a mabuku. Mwina nawonso adyetsedwa. Khalani pansi, achimwene."

Ndinamuyang'ana, ndipo ndinamva mawu anga omwe akutuluka m'kamwa mwake. Ola limodzi lapitalo ndinali nditafunsa mayi uja kuti watumidwa ndi ndani. Ndinaona kuti njira imeneyi ilibe pothera: aliyense wondiuza zoona adzakhala wotumidwa, mpaka ndidzatsala ndekha ndi Jairosi. Ndinatembenuka, ndinabwerera kunyumba pakamwa pouma.

Ndisanapitirire, akuluakulu amene muli muno musandimve molakwa. Sindikunyoza mwambo. Ine ndinalowa ku dambwe monga bambo anga, ndipo gule akatuluka ndimavula chipewa. Koma makolo anaika malamulo aja kuti anthu a m'nyumba asamalane. Sanawaikire firiji ya mababu. Ine ndinatola mwambo ngati mmene ndinatolera thabwa lija, chifukwa ndinkafuna chomenyera munthu.

Kubwerera kunali kwapang'onopang'ono. Ndinayamba ndi mowa, chifukwa munthu woledzera sangatembenuze dzira. Ndinasiya njira yodutsa pa bhawa, ndinkazungulira ku njanji ngakhale ndi kutali. Ndinapita kwa mkulu wa mpingo wathu, a Banda, ndinawapempha kuti azindifunsa pamaso Lamulungu lililonse ngati ndamwa. Ndinagwa kamodzi, pa maliro, ndipo ndinawauza. Kuchokera pamenepo sindinalawenso.

Makina ndinawasamutsira m'nyumba, m'chipinda cha njerwa chimene dzuwa silifika masana, ndipo loko ndinataya. Ndinagula temomita ina yoika m'kati, chifukwa ya pa chitseko imanama. Kutentha kuzikhala madigiri sate-seveni ndi theka, ndipo muziyang'ana makamaka masana, osati m'mawa mokha. Tambala ndinasinthanitsa ndi mayi wina wa ku purazi ina kuti magazi asakhale amodzimodzi. Mazira ndimatolera tsiku lomwelo, ndimasunga pozizira, nsonga yoonda pansi, ndipo akapitirira sabata ndimadya kapena kugulitsa. Odetsedwa kwambiri ndimapatula. Sinditsuka, sindipaka kanthu. Ngati mukufuna kupempherera mazira anu, pemphererani, koma manja akhale m'thumba. Ndimalemba kachizindikiro ndi pensulo mbali imodzi ya dzira kuti ndisasokonezeke potembenuza, m'mawa, masana ndi madzulo. Masiku atatu omaliza ndimasiya kutembenuza, ndimaonjezera madzi m'kambale, ndipo chitseko sinditsegula ngakhale mtima ukufunitsitsa kusuzumira.

Chimene ndimachikonda kwambiri ndi ichi. Ikatha sabata yoyamba, ndimatseka zenera ndi bulangeti, ndimatenga tochi ya pa foni, ndimaunika dzira lililonse. Lamoyo mumaona mitsempha yofiira ngati mizu, ndi kadontho kakuda kakusuntha. Loyera mbee mulibe kanthu, chotsani. La mphete yofiira lafa, chotsani lisanaphulike n'kuwononga anzake. Ndikanadziwa kuunika, ndikanaona vuto likuyamba, m'malo modikira masabata atatu ndili gwa, mutu ukupeka nkhani.

Ulendo woyamba nditakonza zonsezi, anaswa opitirira theka. Si onse. Mpaka lero ena amafera m'mazira, ndipo adzaferabe. Koma lamulo langa ndi ili, ndipo ndikupempha likhalenso lanu: dzira lililonse limene silinaswe, liswe wekha, uliyang'ane, usanatchule dzina la munthu. Ukapanda kumvetsa, pita nalo kwa mudhumeni likadali latsopano.

Anapiye anabwerera msanga. Anthu ndiye ayi.

Kwa Che Saidi ndinapita ndi a Banda. Tinawapeza atakhala pakhonde. Mkono uja unalumikizika, koma suwongoka, ndipo njinga yolemedwa sangaiyendetsenso. Ndinagwada pa dothi, ndinanena zonse. Akazi awo anaima pakhomo, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti bodza langa linalowanso m'nyumba imeneyi. Kenako Che Saidi analankhula.

"Ndakukhululukirani, Che Yohane, chifukwa Mulungu amafuna choncho. Koma anapiye anu sindidzagulanso, ndipo pakhomo pano musazolowere."

Ndinati ndamva. Ndinapempha kuti ndizinyamulako makatoni awo tsiku la musika. Anakana. Patapita miyezi ndinawaona akulimbana ndi katoni pa siteji, ndinainyamula n'kuikweza pa kombi. Sanandithokoze, komanso sanandiletse. Pano ndimatero Loweruka lililonse, ndipo sitilankhulana.

Ku Ruwa ndinapita katatu. Ulendo woyamba alamu anga sananditsegulire geti. Wachiwiri anandilola kuona Tapiwa. Wachitatu Esinati anatuluka. Wanenepa, akugulitsa pa musika wa kumeneko, ndipo akuoneka ngati munthu amene amagona tulo. Ndinayamba kumufotokozera za malata, za mafuta, za timabowo. Anandidula.

"Zimenezo ndinakuuzani ndine, bambo a Tapiwa. Mwabwera ulendo wonsewu kudzandiphunzitsa mawu anga omwe?"

"Ndabwera kudzapepesa."

"Mukupepesa kuno kuseri kwa geti, pamene palibe akumva. Dzina lija munanditchula pa mjigo, pamaso pa amayi anzanga ndi ana awo. Ku Banket mpaka lero ndine mkazi uja. Mwana wanu tsiku lomwelo anachokera ku sukulu akulira. Ndifunseni ngati ndinagonapo ndi mwamuna wina."

"Sindikufunikanso kufunsa."

"Ndifunseni. Miyezi yonse ija munafunsa Jairosi, muporofita ndi sing'anga. Ine simunandifunsepo."

Ndinafunsa. Anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti ayi, ngakhale kamodzi. Kenako anati, "Pitani mukanene zimenezo kumene munanenera zinazo. Mukanene mulibe mowa m'mutu. Za kubwerera ine sindikulonjeza. Ndidzaona."

Ndinakanena pa mjigo, m'mawa amayi ali pamzere. Ena anaseka, ena anandilavulira pafupi ndi mapazi. Ndinakanena ku tchalitchi. Lero ndanena pano, chifukwa ambiri a inu munali pa musika tsiku lija, ndipo nkhani munapita nayo m'makomboni mwanu. Ndiye ipiteninso ndi iyi. Esinati, amake Tapiwa, sanachimwe. Che Saidi sanachimwe. Anapiye aja anaphedwa ndi malata, mafuta, nsanza ndi mowa, ndipo zonsezo zinadutsa m'manja mwanga.

Mkazi wanga akadali ku Ruwa. Tapiwa anabwera pa holide, anagona masiku angapo, ndipo anandilola kumuperekeza ku siteji. Kupitirira apo sindikudziwa.

Bambo amene akhala kumbuyo uko pafupi ndi chitseko, a jekete yabuluu, si mlimi wa nkhuku. Ndi alamu anga. Akwera kombi ziwiri m'mawa uno kuti adzamve ndi makutu awo ngati ndinena zonse kapena ndisiyako zina. Alamu, ndathera pamenepa. Mukamuuze mlongo wanu zimene mwamva, musaonjezere kanthu kondikometsa. Ngati pali chimene ndasiya, imirirani munene, anthu akadali pompano.